Mtima wa Kawotchi

"Uwauze."

"Sindiwauza."

"Ndati uwauze, mwanawe. Usandiyang'ane ngati ndine khoma."

"Ndi inu nomwe munandiphunzitsa kutseka pakamwa, amayi. Lero mwasintha nyimbo?"

Kawotchi ndi mayi ake ankakangana monong'ona kuseri kwa katani, chifukwa m'wodi ya amayi oyembekezera mabedi anali othithikana moti mnzako akameza malovu unkamva. Kawotchi anali chikhalire pabedi, mitsamiro itaunjikidwa kumsana, manja atakumbatira mimba. Mwana anali atagona mopingasa, ndipo adokotala anali atanena kale m'mawa womwewo kuti njira ndi imodzi basi: opaleshoni, dzuwa lisanapendeke.

"Nthawi ija inali ya ukwati," anatero mayi ake, akupotokola nsonga ya mpango. "Ino ndi ya mpeni. Ukwati ungaunamize, mpeni sungaunamize."

"Ndiye auzeni ndinu."

"Ndikatsegula pakamwa ine, apongozi ako anena kuti ndinawapatsa dzira lowola ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna motowo ugwere ine."

"Ndikufuna utuluke wamoyo m'chipinda chija. Zinazo tidzalira pambuyo."

Kawotchi anatembenukira kukatani. Sankaopa apongozi ake monga ankaganizira mayi ake. Ankaopa nkhope ya munthu mmodzi yekha.

Ali mwana anadwala zilonda zapakhosi, kenako maondo ndi zigongono zinatupa. Atadzuka pamphasa, adokotala anauza mayi ake kuti matendawo asiya chipsera pa kachitseko kena ka mumtima. Kachitsekoko sikankatseguka bwino, ndiye magazi ankadutsapo mopanikizana ngati anthu pakhomo la basi. Anakula ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi, akusunga nsapato za anzake iwo akamathamanga. Koma mnyamata wina wokonza mawotchi atayamba kuzungulirazungulira pakhomo pawo, mayi ake anati nkhani ya mtimayi ithere m'nyumba momwemo. Jakisoni uja anamusiya. Kusikelo akamufunsa ngati anadwalapo matenda aakulu, ankangoti ayi, maso ali pazikhadabo. Anamwino ankamvetsera mtima wa mwana wa m'mimba, mzere n'kusuntha.

Wamawotchiyo anali ndi kabokosi kagalasi pakhonde la sitolo ya nsapato, kagalasi kovala diso limodzi, ndi khutu lomwe ankalinyadira kuposa nkhope yake. Wotchi iliyonse ankayamba waiika kukhutu asanaitsegule. Tsiku lina masana, mvula itawatsekereza awiriwo pakhondepo, mwachibwana anaika khutu lomwelo pachifuwa cha mtsikanayo. Anamvetsera, maso atatsinzina.

"Kawotchi aka kakufulumira," anatero. "Ndipo kali ndi kaphokoso kena m'kati, ngati kakunong'ona. Akukathamangitsa chonchi ndani?"

Mvula inali kugwa pamalata, malaya ake ankanunkhira mafuta a mawotchi, ndipo mtsikanayo anayankha liwu limodzi lokha.

"Iwe."

Dzina la Kawotchi linabadwa pomwepo. Chopweteka n'choti yankho lija silinali bodza lonse. Likanakhala bodza lokhalokha bwenzi atalilavula kalekale. Koma linali losakanikirana ngati mchere m'madzi, ndipo mwamunayo anamanga nyumba yonse pamwamba pake. Mimba itakula, mkazi wake atayamba kugona chokhala ndi kupuma ngati wakwera phiri pomwe wangoyanika zovala, iye ankati ndi mwana akukankha m'mwamba. Kawotchi ankavomera.

Katani inakokedwa. Analowa mayi wamfupi wovala kachipewa kamaluwa ndi nsapato zoyera za labala, chomvera m'chifuwa chili m'khosi. Pambuyo pake panali Wamawotchi atanyamula beseni, ndi apongozi atanyamula mtolo wa nsalu.

"Ine ndine wogonetsa odwala pa opaleshoni," anatero mayiyo. "Adokotala amadula, ine ndimalondera. Mpweya wanu ndi mtima wanu ndi katundu wanga kuyambira pomwe mukwere patebulo mpaka pomwe mutsikepo. Ndiye tiyeni tidziwane."

Anafunsa nthawi yomwe anadya komaliza, ngati pali mankhwala omwe amamuwenga, ngati ali ndi dzino logwedera. Kawotchi anayankha bwinobwino. Kenako funso lija linafika, mopanda mwambo, ngati mlendo wolowera kukhomo lakumbuyo.

"Nanga mtima uli bwanji? Unakuvutanipo?"

"Aa, za mtima ndiye musafunse n'komwe, adokotala," analowerera apongozi, akuika mtolo pansi. "Mwana uyu ali ndi mtima wabwino. Chilowereni m'banja mwathu sanandiyankhepo mwano. Akamangonditumikira, anthu amayesa ndinabereka ndine."

Mayi wa pabedi loyandikana anaseka kuseri kwa katani.

"Umathamangako pang'ono," anawonjezera Wamawotchi, akumwetulira mpaka m'makutu, "koma wouthamangitsa ndi ine ndemwe."

"Iwenso, pamaso pa anthu," anatero apongozi, koma nawonso ankaseka.

Wogonetsa anamwetulira pang'ono n'kuika chomvera chija pachifuwa. Nthawi yomweyo ululu unamugwira Kawotchi m'chiuno, anabuula, kwinaku wina akukoka chitsulo cha diripi pasimenti.

"Ukuthamangadi," anatero wogonetsa.

"Ndi mantha chabe," anayankha Kawotchi.

Mayi ake anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kuyang'ana kuwindo. Wogonetsa anayang'ana mitsamiro younjikidwa ija nthawi yotalikirapo kuposa momwe munthu amayang'anira mitsamiro. Namwino wina anamuitana mofulumira kuchokera pakhomo.

"Tikaonana m'katimo," anatero, n'kupita.

Anamukankha pakabedi kamatayala m'khonde lalitali. Magetsi akudenga ankadutsa m'mwamba mwake limodzilimodzi. Mwamuna wake ankayenda pambali, ndipo atafika pazitseko zazikulu anamuvula kawotchi kapamkono komwe anamupatsa pa ukwati, n'kukaika m'thumba la malaya, kumanzere.

"Ndikusungira," anatero. "Usachedwe, ukudziwa kuti ine sindidziwa kudikira."

"Limba mtima, mpongozi," anatero apongozi. "Woyamba ndi wotsegula njira. Enawo azidzangobwera okha ngati mvula."

Mayi ake anaima kumiyendo kwake. Anangomufinya chala chakuphazi kupyolera m'nsalu, mwamphamvu, mpaka chinapweteka.

M'chipinda cha opaleshoni munali mozizira, monunkha mankhwala otsukira. Nyali yaikulu inalendewera ngati duwa lachitsulo. Anamukhazika patebulo lopapatiza, namwino n'kumumata timapepala tozizira pachifuwa, tili ndi mawaya. Anamumanga lamba pamkono, n'kumupana chala ndi kachipangizo kowala mofiira. Makina a kumutu kwa tebulo anadzuka.

Ti. Ti-ti. Ti. Ti-ti-ti.

Kawotchi anazizidwa. Moyo wake wonse mtimawo unkalankhulira m'kati, kwa iye yekha ndi kwa khutu limodzi lomwe linkaumva molakwika. Tsopano unali pagalasi, kamzere kobiriwira kakudumphadumpha, ukulira poyera kuti aliyense amve. Ndipo sunali kuyenda ngati wotchi. Unali kutsimphina, ukuthamanga, ukupunthwa, ukudzukanso.

"Tagonani chagada pang'ono ndione mimba," anatero namwino.

Anayesa. Mpweya unathawa ngati wina wamukhalira pachifuwa. Anadzuka msangamsanga akutsokomola.

"Chabwino, khalani tsonga. Weramani, msana ukhale ngati wa mphaka wokwiya. Akubayani jakisoni wa pamsana, miyendo ichita dzanzi, basi simumvanso kanthu."

Anawerama. Anamva thonje lozizira likuyenda pamsana, zala za wogonetsa zikufufuza pakati pa mafupa. Anatsinzina n'kudikira kubaya. Kubaya sikunabwere. M'malo mwake anamva kachitsulo kakugwera m'mbale, kenako nsapato za labala zikuzungulira tebulo. Atatsegula maso, wogonetsa anali atanjuta patsogolo pake, nkhope zawo zitayandikana.

"Apongozi anu ali panja," anatero motsitsa mawu. "Amuna anu ali panja. Muno muli ine, inu ndi makinawa, ndipo ine ndi makinawa tagwirizana kale. Mwatsala ndinu."

Kawotchi anayang'ana maondo ake.

"Ndikuuzeni za jakisoni uyu. Akalowa, misempha imamasuka, magazi amatsikira kumiyendo. Mtima wamba umangofulumira pang'ono, zinthu n'kubwerera m'malo. Koma ulipo mtima wina womwe ukafulumira ndiye umalephereratu. Wanuwu ndikuukayikira. Sindikufunsa za khalidwe lanu, asisi, khalidwe ndamva kale kuti ndi labwino. Ndikufunsa za nyama yomwe ili apa."

Anamugwira pachifuwa ndi nsonga za zala. Makina anafulumira ngati akumuneneza.

"Kachitseko," anatero Kawotchi. Liwulo linatuluka louma. "Anati kachitseko kena sikatseguka bwino. Ndinali mwana."

"Jakisoni wa mwezi ndi mwezi?"

"Ndinasiya."

"Liti?"

"Nditayamba chibwenzi."

Anadikira kukalipiridwa. Wogonetsa anangopumira m'mwamba n'kuimirira. Adokotala odula anali ataima kale pambali, manja ovala magolovesi ali m'mwamba ngati munthu wogwidwa akuba.

"Tikudikira chiyani kodi?"

"Mukudikira ine," anayankha wogonetsa. "Ndipo mudikirabe. Chepetsani diripiyo, asisi, izingodontha. Kwezani kumutu kwa tebulo. Itanani mnzanga wa chipinda chinacho, lero ndikufuna maso anayi."

Chipinda chinasintha mayendedwe. Nthabwala zomwe anamwino ankaponyerana zinazima. Anabweretsa timabotolo tina, anamubaya pamkono pomwe msempha umagunda, ndipo pamsana anamulowetsa kachubu kopyapyala kuti mankhwala azilowa pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Wogonetsa ankathira kadontho, n'kuyang'ana galasi, n'kudikira, n'kuthiranso. Dzanzi linakwera m'miyendo mwaulesi ngati madzi ofunda.

"Muwauza a panja aja?" anafunsa Kawotchi.

"Lero simubwerera kuwodi ija. Mukagona komwe makina angakuoneni. Akandifunsa chifukwa, ine sindidziwa kunama." Anamuyang'ana. "Kapena mukufuna muyambe ndinu?"

"Auzeni. Ine ndilibe poyambira."

Anatchinga nsalu yobiriwira pachifuwa pake, dziko n'kugawika pawiri. Kutsidya kunali kulira kwa zitsulo ndi kukokakoka kopanda ululu, ngati munthu akufufuza chinthu m'chikwama chomwe wachikoleka pathupi pako. Kuno kunali kachipewa kamaluwa, dzanja lofunda pamphumi pake, ndi kulira kwa makina. Wogonetsa sankayang'ana mpeni ngakhale pang'ono. Maso ake anali pa kamzere kaja ngati mayi woyang'anira mwana yemwe akusewera m'mphepete mwa msewu.

Kawotchi anatsinzina n'kuona kabokosi kagalasi kaja pakhonde, mawotchi ali ndandanda, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Ankakonda kufunsa mwamuna wake kuti yoona ndi iti. Iye ankaloza pachifuwa cha mkazi wake.

Kenako kunamveka kulira. Kowonda, kokwiya, kwa munthu yemwe amudzutsa asanafune.

"Mtsikana," anatero namwino, akumukweza pamwamba pa nsalu. Kawotchi anangoona kaphazi kotuwa, kakupalasa mpweya. "Mwachira, mayi."

"Sanachire," anatero wogonetsa, osachotsa maso pagalasi. "Ino ndiye nthawi yake. Mankhwala okhwimitsa chiberekero muwalowetse mwapang'onopang'ono, ndikuuzani ndine."

Anawerama n'kulankhula m'khutu mwake. "Magazi onse omwe ankadyetsa mwana akubwerera kwanu tsopano, onse pamodzi, ndipo khomo ndi lomwe lija. Mukamva kubanika mundiuze, musachite ulemu."

Sanachedwe kukumva. Kunayamba ngati kachikoso kokanda pakhosi, kenako chifuwa chinalemera, kenako mpweya uliwonse unkabwera wonyowa. Ankamira ali pamtunda. Kulira kwa makina kunatsika mawu, kukunka kunonepa, kwinaku kukuthamanga mopanda dongosolo. Wina anamuphimba mphuno ndi pakamwa ndi chigoba cha mpweya. Wina anatchula dzina la mankhwala, wina n'kulibwereza.

"Fulumirani kutseka, adokotala."

"Ndikutseka."

"Asisi, yang'anani ine. Makinawo ndi anga, inu yang'anani ine. Kokani. Tulutsani. Kokaninso."

Kawotchi anayang'ana timaluwa ta pachipewa, tofiira ndi tachikasu, tikusungunuka m'mphepete. Anaganiza kuti afa atangoona phazi lokha la mwana wake. Anaganiza za munthu woima panja ndi kawotchi m'thumba, akumwetulirabe, akudikira mkazi yemwe sanamudziwepo bwinobwino. Chomwe chinamuwawa kwambiri si imfa ayi. Chinali choti nkhaniyo akaimva kwa anthu ovala zobiriwira, m'khonde, ataimirira.

"Kokani. Eya, choncho. Musandisiye ndekha ndi anthu awa, nthabwala zawo n'zosakoma."

Anakoka. Anakokanso. Pang'onopang'ono madzi aja anayamba kuphwa, ngati chigumula chikubwerera mumtsinje. Mawu a makina anakwera, n'kukwerabe. Kutsimphina sikunathe, koma kuthamanga kunachepa. Wogonetsa anachotsa dzanja pamphumi pake n'kulipukuta pamalaya.

Anamugoneka m'kachipinda ka mabedi ochepa, mawaya ali pachifuwa pomwepo, timachubu ta mpweya tili m'mphuno. Dzuwa lamadzulo linkalowa pawindo n'kugona pakhoma. Mwana anali m'kabedi kagalasi pambali, atakulungidwa mpaka kuchibwano, akuyamwa mlomo wake.

Wogonetsa anabwera atavula chipewa. Tsitsi lake linali ndi imvi zomwe Kawotchi sanaziyembekezere.

"Ndawauza," anatero. "Inunso ndikuuzeni, popeza lero ndi tsiku lonena zoona. Mwadutsa pa kaulalo kowonda. Adzabwera dokotala wa mtima, mudzakambirana za kachitseko kaja, zilipo zomwe angachite. Koma mimba ina, mtima uli chonchi, ine sindingakulonjezeni kuti ndidzakubwezani."

Atatuluka, chitseko sichinatsekeke bwino. Mawu a apongozi ndi a mayi ake m'khonde ankalowa odukaduka.

"Munatibisira, asebere. Munadya nafe, munavina nafe, muli ndi chinthu chotere kukhosi."

"Ndinkafuna mwana wanga akwatiwe ngati ana a anzanga. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndiye mwana wanga akhale ndi kamwana kamodzi komweka?"

Chitseko chinatseguka, n'kutsekedwa bwinobwino. Wamawotchi analowa atavala chovala chobiriwira chomwe anamubwereka, chachifupi manja. Anayang'ana mwana nthawi yaitali, n'kumukhudza tsaya ndi msana wa chala, mosamala ngati akugwira kasipuling'i. Kenako anakaima kumiyendo kwa bedi. Sanayang'ane mkazi wake. Anayang'ana galasi.

"Mukupeza bwanji?" anafunsa.

Chikwatiranireni anali asanamutchulepo kuti inu ali awiri. Liwulo linamulasa kuposa bala la pamimba.

"Ndilipo."

Makina anafulumira. Onse awiri anawamva.

"Ndiye kaphokoso kaja," anatero mwamunayo.

"Eya."

"Ine ndakhala ndikuuza msika wonse. Wansapato, wamatayala, onse amadziwa kuti mkazi wanga mtima wake umanong'ona dzina langa." Anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. "Munthu wa khutu. Wotchi ya mlendo ndimaimva kamodzi n'kudziwa chomwe chathyoka. Yam'nyumba mwanga ndinkaivinira."

"Ndinkafuna kukuuza."

"Ukukumbuka masitepe a kuseri kwa positi aja?" Inu uja anali atagwa yekha osadziwa. "Ndinkakukoka dzanja kuti tithamange mpaka pamwamba, kuti ndikaike khutu ndimve ukugunda. Iwe uli wefuwefu, milomo itada, ine ndikusangalala. Ndikanakupha ndikuseka, Kawotchi. Ukanandisiya ndi chimenecho moyo wanga wonse."

Misozi inatsikira m'makutu mwake chifukwa analibe mphamvu yotukula dzanja. Kamzere kobiriwira kankadumpha, kakupunthwa, kakudumphanso. Mwamunayo anakaloza ndi chibwano.

"Nanga panopa? Ndi matenda, kapena ndine?"

"Sindikudziwa," anayankha. "Sindinathepo kusiyanitsa. Tsiku la mvula lija zinalipo zonse ziwiri."

Panja mawu a amayi awiri aja anali atatsika, koma sanathe. Wamawotchi anatulutsa kawotchi kaja m'thumba, n'kukatembenuzatembenuza m'manja.

"Amayi akuti tisafulumire kumvera madokotala. Akuti ukalimba tidzayesenso, poti uyu ndi mtsikana. Amayi ako akuti ukakhale kwawo uyambe wapuma. Wogonetsa uja wanena zake. Aliyense m'khondemo ali ndi chomwe akufuna." Anamuyang'ana m'maso koyamba chilowereni. "Iwe sunandiuzepo. Ndikati tidye ichi, umati eya. Ndikati tithamange, umati eya. Ukufuna chiyani, iweyo?"

Kawotchi anayang'ana kabedi kagalasi. Kaphazi kaja kanali katatuluka m'nsalu, kofiirira tsopano, zala zake ngati njere. Anakoka mpweya wa m'timachubu mpaka pomwe chifuwa chinalola. Makina ankamuneneza poyera, ndipo kwa nthawi yoyamba sanachite nawo manyazi.

"Sindikufuna kuberekanso," anatero. "Ndikuopa, ndipo ndatopa n'kuopa ndekha. Ndikufuna ndimuone uyu akuthamanga, ine nditakhala pansi ndikumusungira nsapato. Ndikufuna ukawauze amayi ako ndiwe, ine ndisakhalepo. Sindikufuna kupita kwathu. Ndipo ndikufuna ubwere kuno, uchoke kumiyendoko, uike khutu apa pakati pa mawayawa. Umve momwe ulili, wothyoka chonchi, ndipo usachoke."